Luso la Nyanga Lili mu Mpweya

Ndatopa kumva anthu akuyamikira gule wa nyanga chifukwa cha mapazi okha. Gulu likavina pa chikondwerero mumzinda wa Tete muno, m'manja mumaombedwa pa kudumpha ndi kulira kwa maseche a m'miyendo, ngati luso lathera pomwepo. Ayi ndithu! Mvetserani mpweya.

Woimba mmodzi amagwira timabango tiwiri, titatu kapena tinayi tomangidwa pamodzi, basi. Nyimbo yathunthu palibe amene ali nayo. Iwe umaliza kabango kako, pampata wotsatirawo n'kutulutsa mawu a pakhosi pako, mnzako n'kulowa pamene wasiyira, mapazi akuwerenga nthawi pansi. Andrew Tracey, polemba za gule wa Anyungwe ameneyu m'magazini ya African Music mu 1971, anachita kulemba gawo lililonse palokha, poti umo ndi momwe nyimboyi inamangidwira. Ukati udikire kumva mnzako kuti umtsanzire, wachedwa kale. Ukachita manyazi ndi kuchepa kwa gawo lako n'kuwonjezera zina, watseka mpata wa wina. Uyenera kukhulupirira kuwerenga kwa mapazi ako n'kulowa.

Apa m'pamene ndimaona chifukwa chake nyanga imayenera pa maliro. Wofedwa amasiya kudzikhulupirira. Usiku wonse pa siwa mtima umangomufunsa: ndikadathamanga naye kuchipatala msanga, bwenzi atamwalira? Bwalo la nyanga silimuuza kuti alimbe mtima. Limangomupatsa kagawo kamene angakwanitse ndi mpweya umene watsala nawo, ndipo akalowa pa nthawi yake amamva ndi makutu ake kuti popanda iye nyimbo ikadabowoka. Ngakhale mawu atasasa ndi kulira, pampata paja amakwana. Ndani wina amalandira munthu wosweka motero osamukonza kaye?

Makwaya amatonthoza, inde, koma munthu angathe kubisala m'mawu a anzake mpaka kucha. Za masipika amene alanda masiwa ambiri, kuno ku Tete ngati kwina konse, sindifuna kuchulutsa mawu: nyimbo yojambulidwa siidikira mpweya wa aliyense.

Chimandiwawa kwambiri n'kuona achinyamata akuphunzitsidwa masitepe kaye kuti aoneke bwino pamaso pa alendo, mabango n'kuwapatsa pambuyo ngati chokometsera. Mwana wotere adzadumpha mokongola, koma tsiku limene adzaitanidwe pakhomo pa namfedwa adzakhala akuyang'ana pakamwa pa mnzake, osadziwa polowera.