Njinga ya a Trywell: filimu ya Kamkwamba si ya mwana yekha

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndi yanga, ndipo ndabwera ndi filimu imene ambiri munaonera kale, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anasewera ngati bambo ake a William Kamkwamba. Musathawe poganiza kuti ndibwereza za mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Imeneyo wailesi ndi nyuzipepala zinaimba kale mokwanira. Ine ndikufuna muyang'ane munthu amene waima kumbuyo kwa mwanayo, a Trywell.

Tichotseretu nkhani ya chilankhulo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira. Inde, Chichewa cha Ejiofor n'cholemera pakamwa. Munthuyo anabadwira ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria. Maxwell Simba amene ndi William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga amene ndi mayi Agnes anabadwira ku Senegal. Akayankhula Lily Banda, wathu uja amene ndi Annie, khutu limapumako. Koma kuseka kwathu kunatibera filimu. Tinatanganidwa ndi lilime la bamboyo osaona nkhope yake.

Taonani mmene a Trywell akugwera, pang'onopang'ono ngati khoma la zidina nthawi ya mvula. Achimwene awo a John amwalira kumunda, malo apita kwa mwana wa malemuyo. Mitengo igulitsidwa kwa a esiteti ya fodya, madzi asefukira, kenako chilala. Fizi ya William yawakanika, mwana athamangitsidwa sukulu. Apita kumsonkhano wa ndale poganiza kuti mwina mawu awo asintha kanthu, kumbuyo kuno akuba akokolola chimanga cha m'nyumba. Banja lifika pokambirana kuti chakudya chimodzi cha tsiku chizidyedwa nthawi yanji. Imeneyi ndi njala ya 2001 mpaka 2002, ena a ife tinali ana ndipo tikukumbukira gaga ndi mizere ya ku ADMARC.

Nanga bamboyo achita chiyani? Atenga khasu n'kumalima nthaka youma gwaa, imene aliyense akuona kuti siibala kanthu. Apa ndi pamene filimuyi yandigwira mtima. Si kuti sakudziwa kuti mvula kulibe. Akulima chifukwa akasiya khasu, afunika akhale pansi n'kuvomera kuti zawakanika. Ndiye mwana akabwera ndi kachipangizo kake kakang'ono koyimbitsa wailesi ndi mphepo, n'kupempha njinga kuti aidule, a Trywell apsa mtima, aphwanya kachipangizoko, amukankhira mwanayo kumunda. Ambiri mumati bambo wankhanza, wosaphunzira. Ine ndikuona munthu wodwala maganizo amene alibe mawu otchulira matenda ake, ndiye ukali ndi umene ukumuyankhulira.

Ganizirani kuti njinga n'chiyani pakhomo la kumudzi. Ndi minibasi, ndi ambulansi, ndi ngolo ya kuchigayo. Kwa a Trywell ndi chinthu chomaliza chosonyeza kuti iwo akadali bambo. Kuipereka kuti icheke n'kunena pamaso pa mudzi wonse kuti nzeru zanga zathera pano, mwana wanga akudziwa kundiposa. Galu Khamba atafa ndi njala, mayi Agnes atawalankhula mosabisa mawu, bamboyo apita kwa mwana wake, avomera kulephera kwawo, apereka njinga. Kwa ine pachimake pa filimu ndi pamenepo. Zozungulirazungulira za mphepo zija ndi malipiro chabe.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi kuno ku Soche, ndipo a Trywell ndimawaona sabata iliyonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa anthu ambiri unasungunuka m'manja. Ndalama imene unkaoda nayo madengu awiri ku Bvumbwe inayamba kubweretsa dengu limodzi ndi theka. Pali abambo ena amene geni yawo inafa kalekale, koma m'mawa uliwonse amasamba, kuvala malaya ositidwa, kubwera kudzakhala pa benchi pali timilu tiwiri. Kunyumba sananene. Ku banki m'khonde ali ndi ngongole, kwa wakatapila alinso nayo ina. Ukafunsa, yankho ndi lija la tonsefe: tilipo, bola moyo. Kumeneko n'kulima nthaka youma kuja. Apolisi akamatulutsa chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri amakhala amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowa pa zifukwa zotchulidwa.

Tsopano pamene ndikukangana nayo filimuyi. Yachiritsa bamboyo msanga kwambiri. Njinga yadulidwa, mphepo yawomba, pampu yatulutsa madzi, mbewu zamera, a Trywell akumwetulira, basi nkhani yatha. M'moyo weniweni makina oyamba a William anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwawo, zopopa madzi zinabwera patapita zaka. Sindikudana ndi kusintha nkhani, filimu si lipoti la boma. Vuto langa ndi lakuti ikutiphunzitsa kuti ukavomera kufooka kwako, mawa lake madzi atuluka. Ife a m'munsi mwa phiri la Soche tikudziwa zina. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala pa Chilobwe mu Malichi 2023, anthu anavomera ndithu kuti nyumba yapita, ana apita, koma palibe pampu imene inatulutsa kanthu mawa lake. Mpaka lero alipo amene mitambo ikangoda kuphiriko, mtima umathamanga, tulo osabwera. Kudzivomera kwa anthu amenewa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, yopanda nyimbo yokoma kumapeto.

Chinanso, mawu akuti misala. M'nkhani ya Kamkwamba anthu ankamunena William kuti wapenga pomuona akutolatola zitsulo, ndipo ife oonera timasangalala kuti pamapeto anawachititsa manyazi. Koma taonani kuti ngakhale m'chisangalalo chathucho, misala yakhalabe chitonzo chimene munthu ayenera kudzichotsa. N'chifukwa chake munthu ukamuuza kuti ku Queens kuli madokotala oona za maganizo, amayankha kuti kodi mukufuna munditumize ku Zomba? Pakati pa "ndili bwino" ndi Zomba Mental Hospital pali mtunda wautali umene Chichewa chathu cha kumsika chimangouphimba ndi mawu akuti akuganiza kwambiri. A Trywell ali pa mtunda umenewo, ndipo Ejiofor wausewera ndi mapewa ndi maso kuposa ndi pakamwa.

Amene filimuyi yawamana ndi amayi. Mayi Agnes ataya chimanga, ataya mwana wamkazi, akusenza mwamuna wosweka pamodzi ndi khanda, koma ntchito imene apatsidwa ndi yodzutsa bambo. Iwo akuwadzutsa ndani? Ndipo Annie, mtsikana amene ankayembekezera kupita ku yunivesite, athawa ndi mphunzitsi Kachigunda kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, n'kusiya dayinamo imene mlongo wake ankaifuna. Popanda dayinamo imeneyo makinawo sakanatulutsa magetsi. Mukadzaoneranso, werengani mphindi zimene kamera yakhala pa njinga ya bambo, kenako muwerenge zimene yakhala pa Annie atachoka.