Ulemu kwa Akalipentala a pa Mponela

M'mbali mwa msewu wa M1 pa Mponela, akalipentala amandandalika madisipuleyi onyezimira ndi vanishi. Amisiri amenewa ngoyenera kuwayamikira. Mmisiri amayamba wayeza TV ya mwini wake, kenako n'kucheka matabwa a paini ochokera ku Chikangawa, poti mlombwa ndi mbawa zikusowa masiku ano. Thabwa amalipala mpaka lisalale, n'kulisisita ndi chikhatho kuti amve ngati patsala pokhakhala. Kumbuyo amaboola kabowo kodutsa mawaya a dikoda, m'munsi n'kusiya malo a batire la sola. Mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi akagulitsa fodya, amakweza disipuleyi pangolo monyadira. Tiziwalipira mosanyinyirika amisiriwa, chifukwa manja awo ndiwo akukongoletsa pabalaza pathu.