Mkangano Wobwereka wa Ma DJ Athu

Pali nkhani ina imene yandikwana. Ukakhala ndi anyamata oika nyimbo m'maukwati kuno ku Mulanje, kaya pa Chitakale, pa Nkando kapena ku Limbuli, sipalephera kupezeka mmodzi wonenetsa kuti DJ weniweni ndi wa mbale zakuda zija za singano, enawa ndi ongodina mabatani. Ukamufunsa ngati anagwirapo mbale yoteroyo ikuzungulira, amayang'ana kumbali. Anazionera pa YouTube. Mnzake wa laputopu n'kuyankha kuti zonsezo n'zachikale, kompyuta imachita yokha. Onse awiri akuphonya, ndipo pakati pa phokoso lawolo pakutayika chida chimene ine ndimati ndicho chotiyenera: makina a CD okhala ndi mbale yogwira ndi dzanja pamwamba pake, amene ambiri amangowatchula kuti CDJ.

Mbale ya singano ndimaipatsa ulemu wake, chifukwa luso la kukanda nyimbo linabadwira pamenepo. Ku Bronx, mumzinda wa New York, Kool Herc mu 1973 ankatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzi n'kumabwereza pamene palira ng'oma zokha kuti ovina asapume. Grand Wizzard Theodore ndiye amatchuka kuti anayambitsa zokankha mbale ndi dzanja, kutsogolo ndi kumbuyo, singano ili pomwepo. Makina a Technics SL-1200, amene anatuluka mu 1972 n'kukonzedwanso mu 1979, anawathandiza chifukwa mota yake imazunguza mbale mwachindunji, popanda lamba, moti ukaisiya imabwerera pa liwiro lake nthawi yomweyo. Pofika 1983, pamene Herbie Hancock anatulutsa Rockit, dziko lonse linamva kuti kukanda ndi kuimba ndithu.

Koma anyamata amenewo ankakanda nyimbo zimene zinali m'nyumba za makolo awo, zimene anthu awo ankavina. Ife nyimbo zathu zili pati? Zoona, a ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi magumbagumba ndi timbale tawo, ndipo midzi inkagwedezeka. Komabe nyimbo zimene Amalawi a lero anakulira zinabwera pa kaseti. Alleluya Band ya ku Balaka, Lucius Banda ndi Son of a Poor Man, zonsezo tinkakagula kwa O.G. Issa ndi kwa mavenda. Kenako panabwera CD, kenako fulashi ndi memore khadi, zodzazitsa kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Tsono wa mbale za singano uja adzaigula kuti mbale ya Black Missionaries, ya Joseph Nkasa kapena ya Driemo? Akaimba ukwati wa ku Chonde ndi James Brown?

Nanga malo ake. Singano imatsamira pa mbale ndi kulemera kwa magalamu awiri kapena atatu basi. Ikani pa tebulo la kusukulu, mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa, masipika a besi ali pambali, azimayi a kuchikazi akuponda pansi mwamphamvu. Idumpha nyimbo isanafike pakati. Fumbi la mu October limalowa m'timizere, dzuwa limapinda mbale ikangokhala pang'ono pa lole. Makina a CD amawerenga nyimbo n'kusungiratu kachigawo kake m'kati, ndiye kugwedezeka sakukumva. Nawonso ali ndi matenda awo, chinyontho cha chiperoni ndi fumbi zimachititsa khungu kadiso kowerengera, koma pa CDJ-2000 ya mu 2009 umangobaya fulashi, ndipo CDJ-3000 ya mu 2020 ilibiretu polowetsa CD. Chimene ndikuikira kumbuyo si kambale konyezimira kaja. Ndi mbale ya pamwambayo, pamene pamagona chala.

Pioneer itatulutsa CDJ-1000 mu 2001, inachita chinthu chimodzi chanzeru: ukagwira pamwamba pa mbaleyo nyimbo imaima, ukaikoka imabwerera, ukaisiya imapitirira, ukangokhudza m'mphepete, nyimbo imafulumira kapena kuchedwa pang'ono osaima. Kuti muone phindu lake musapite ku kalabu ya ku Blantyre, pitani pa perekaniperekani. Palibe mayeso a DJ oposa amenewo. Woyendetsa mwambo waitana akuchimuna, nyimbo yayamba, anthu anyamuka ndi ndalama m'manja. Mwadzidzidzi wakweza dzanja kuti alengeze kuti malume aponya zingati. Wa laputopu amatsitsa voliyumu, nyimbo n'kumapitirira yokha kumbali, ndipo akaikwezanso imapezeka ili pa vesi ina yozizira, ovina miyendo yasokonekera. Wodziwa ntchito amagwira mbale ndi zala ziwiri, n'kuibweza mpaka pa ng'oma yoyamba ya kolasi, akumvera m'mahedifoni khutu limodzi, lina lili kwa woyendetsa mwambo. Amaigwedeza pang'ono, kutsogolo, kumbuyo, ng'oma ija ikungoti du, du, pansi pa chala chake. Mawu otsiriza a chilengezo akangotuluka, amaisiya. Nyimbo imagwera pa phazi la wovina ngati sinaimepo, ndipo amene amabwerera kukakhala amatembenuka n'kupisanso m'thumba. Kukanda kwenikweni ndi kumeneko kwa ine: kawiri, katatu, pamalo pake, kenako n'kuchotsa dzanja. Ndimasangalala nako kuposa mphindi zisanu za mpikisano wa zala umene palibe angauvine.

Ndiye pali nkhani ya liwiro, imene a batani la sync safuna kuimva. Amapiano anapangidwa pa kompyuta, ng'oma yake siphonya, ndipo makina angailumikize ndi inzake mwini wake akumwa Fanta. Yesani zimenezo ndi Alan Namoko wa kwa aneba athu ku Thyolo, kapena Daniel Kachamba, kapena sungura ya Alick Macheso ikafika potentha. Amenewo ndi anthu, ankafulumira mtima ukakwera n'kubwerera pansi mpweya ukachepa. Onjezani kuti nyimbo zathu zambiri, za manganje ndi zina zochokera ku magule, ng'oma yake imayenda patatupatatu pamene kompyuta imakonda kuwerenga panayipanayi. Mizere imene pulogalamu imajambula pa nyimbo yotero imakhala yabodza. Chotsala ndi khutu ndi m'mphepete mwa mbale: kukankha pang'ono, kugwira pang'ono, osachotsapo dzanja, monga wa kabaza amachitira ndi chiwongolero pa msewu wa matope wopita ku Likhubula. Mdera limene ana amakula akumva ng'oma za tchopa, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, n'zamanyazi kuti DJ azidikira kompyuta imuuze pamene pali ng'oma yoyamba.

Za Serato, imene imalola kuyendetsa nyimbo za mu laputopu ndi mbale ya singano, ndingoti n'zabwino kwa amene ali ndi pansi pa simenti ndi ndalama zogulira zida kawiri. Timakina tating'ono ta pulasitiki tolumikiza ku laputopu, timbale take tochepa ngati chivundikiro cha botolo, n'toseweretsa ana. Koma chondinyansa koposa ndi kukanda kojambuliratu, kumene mnyamata amadina pa VirtualDJ manja ali m'thumba, pamodzi ndi saireni, galasi losweka ndi dzina lake lobwerezedwa kasanu pakati pa nyimbo ya Ethel Kamwendo Banda. Pa ukwati wa mpingo! Alipo amene anamupempha?

Pali chimodzi chimene a singano amanena zoona. Mbale ya CDJ ya Pioneer siizungulira yokha, ndiye dzanja silimva kukoka kwa mota kumene kumapatsa kukanda kukoma kwake. Technics SL-DZ1200 ndi Numark CDX zinayesa kuika mota pa makina a CD, ndipo amene cholinga chake n'kukanda kokha akapeza yoteroyo yamoyo, asaisiye. Enafe zofunika n'zochepa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe akulota zida zatsopano. Zambiri ndi zakale zobwera ndi abale ochokera ku Johannesburg. Pogula, gwirani pamwamba pa mbale muone ngati nyimbo ikuima pomwepo kapena ikuyamba yaganiza. Kokani kotsetsereka ka liwiro kuchokera kumwamba mpaka pansi, mumve ngati sikakudumpha. Pa mikisa, chosinthira cha pakati chija chitsegule mawu mukangochisuntha pang'ono, apo ayi kukanda kwanu kudzamveka ngati kutsokomola. Ndipo pa ndalama zomwezo patulanipo ya sitebulaiza, chifukwa magetsi a jenereta ya pa ukwati amakwera n'kutsika mmene afunira.