Mmene Shakespeare Ankalasira Munthu ndi Ulemu

Mwana wa sekondale akatsegula Macbeth kapena Romeo and Juliet, choyamba kumutopetsa ndi timawu thou, thee ndi thy. Aphunzitsi ambiri amangoti, "Chimenecho ndi Chingerezi chakale, tanthauzo lake ndi you, tiyeni tipitirire." Akatero ndiye kuti gawo lalikulu la sewero latayika.

Chingerezi cha pakati pa 1500 ndi 1700 chinali chisanakhazikike. Makina osindikizira mabuku anafika ku Westminster ndi William Caxton mu 1476, koma kwa zaka zambiri aliyense ankalemba mawu mmene akuwamvera, ndipo dikishonale yoyamba ya Chingerezi chokhachokha, ya Robert Cawdrey, inatuluka mu 1604, Shakespeare atalemba kale Hamlet. Chinenerocho chinali ndi chinthu chimene Angerezi a lero anataya koma ife tikadali nacho: kusiyanitsa iwe ndi inu. Kale thou anali wa munthu mmodzi, you wa gulu. Potengera Afalansa, anthu apamwamba anayamba kupatsana you wa ulemu, moti pofika nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba, thou anatsalira mwana, wantchito, wokondedwa, kapena munthu amene ukufuna kumunyoza. Pa mlandu wa Walter Raleigh ku Winchester mu 1603, woimira boma Edward Coke anachita kulengeza kuti akumutchula thou mwadala, poti kwa iye anali woukira mfumu. A mpingo wa Quaker, otsatira George Fox, ankamenyedwa chifukwa chokana kupatsa akuluakulu you.

Shakespeare ankalembera makutu a anthu amenewa. Ku Globe, bwalo la zisudzo limene linatsegulidwa mu 1599, ambiri ankaonera chiimirire atalipira kobiri imodzi, masana dzuwa lili pamutu, popanda magetsi oonetsa kuti apa zinthu zasintha. Kusinthako kunkayenera kumveka m'mawu.

Taonani bambo Capulet m'gawo lachitatu la Romeo and Juliet. Akulowa m'chipinda, apeza Juliet akulira, ndipo poganiza kuti akulira maliro a msuweni wake Tybalt, akumutonthoza ndi thou wachikondi, wa bambo kwa mwana wosakwana zaka 14. Atamva kuti wakana kukwatiwa ndi Paris, ayamba kufunsa mkazi wawo za iye ngati mwiniwake palibe. Kenako amutembenukira ndi you wachipongwe. Mkwiyo utasefukira abwerera kwa thou, tsopano wotukwana, womuopseza kuti amukokera yekha kutchalitchi Lachinayi. Koma pomaliza, pomuuza kuti akapanda kumvera akapemphetse ndi kufera mumsewu, abwereranso kwa you. Apa ndiye pali luso. Wolemba wamba akanathera pa chitukwano, poganiza kuti ndiye pachimake. Shakespeare ankadziwa kuti bambo amene akukukalipira akadali bambo wako. Woopsa ndi amene wayamba kukulemekeza. Ndani wa ife sadziwa kuzizira kwa m'mimba kumene kumabwera kholo likati, "Chitani zimene mukufuna, mwakula inu"?

Juliet naye, pokumana koyamba ndi Romeo paphwando, akumupatsa you monga mtsikana woleredwa bwino. Usiku womwewo, polankhula yekha osadziwa kuti mnyamatayo akumvetsera m'munda, wasintha kale, ndipo atazindikira kuti wamvedwa sabwereranso kwa ulemu uja. Mfumu Lear imafunsa mwana wake Cordelia ndi you pamaso pa nduna, koma yankho litaiwawa, imamutaya ndi thou. Mkazi wa Macbeth, pofuna kumuchititsa manyazi mwamuna wake kuti aphe Mfumu Duncan, amayamba ndi you, n'kutsikira kwa thou pomwe akufunsa ngati ndi wamantha.

Chosokoneza ana athu n'chakuti thou amamudziwira kutchalitchi. William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa ku Worms mu 1526, ankatsata Chigiriki: mmodzi ndi thou, ambiri ndi ye, kaya ndi kapolo kaya Mulungu. Baibulo la King James la 1611 linasunga zomwezo. Mawuwo atafa pakamwa pa anthu n'kutsala m'mapemphero mokha, anayamba kumveka olemekezeka, ndipo ife amene timati Inu kwa Mulungu timangoganiza kuti thou ndi ulemu wapamwamba. Ndiye mwana amawerenga chitukwano cha Capulet ndi mawu a mlaliki!

Tisakokomeze. Si thou aliyense ali ndi chinsinsi. Nthawi zina Shakespeare ankasankha mawu okwanira bwino mumzere wa ndakatulo, ndipo masewero 36 amene anzake John Heminges ndi Henry Condell anasonkhanitsa mu 1623 anadutsa m'manja mwa okopera ndi osindikiza, mwiniwake atamwalira mu 1616. Pali akatswiri ena amene amafinya tanthauzo pa kamawu kalikonse mpaka sewero kuuma. Muyeso wake ndi wapafupi: kusinthako kukagwera pomwe mtima wa wolankhula watembenuka, si ngozi ayi.

Mwana wa ku London lero amafunika kumufotokozera zonsezi ndi tizilembo ta m'munsi mwa tsamba. Wa ku Dedza kapena ku Chipata amazidziwa kuchokera kwa agogo ake. Aphunzitsi ndi otsogolera magulu a zisudzo, mukafika pa Capulet ndi mwana wake, imitsani kuwerenga, muuze ana awiri asewere gawolo m'Chichewa, ndipo asankhe okha pamene anene iwe ndi pamene anene inu.