Kuunika Mayankhulidwe a Atengambali: Chichewa cha M'tauni

Funso likati mufotokoze khalidwe la mtengambali, ambiri mwa inu mumathamangira zochita zake: anaba, ananama, anathawa banja. Zimenezo n'zofunika, koma mumasiya umboni wina umene uli poyera, womwe ndi mayankhulidwe ake. Ena mukakumana ndi mtengambali woyankhula Chichewa cha m'tauni mumangolemba kuti mlembi "waononga chiyankhulo". Yankho lotere ndimalipeza chaka ndi chaka pochonga ntchito za a Fomu 4, ndipo silipindula kanthu chifukwa woyankhayo waweruza asanaunike. Kuti muunike bwino, muyenera kudziwa momwe chiyankhulo chimasinthira.

Tiyambire pafupi. Mukakwera minibasi ku Limbe kudzera ku Soche kupita m'tauni, tcherani khutu ku mayina a malo. Chipatala cha Queen Elizabeth achinyamata amati ku Kwinzi, pamene achikulire amati ku Gulupu, dzina lochokera ku mawu a Chingerezi akuti group. Depoti ya Wenela inatenga dzina ku WNLA, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, ndipo Joni yemweyo ndi Johannesburg wofupikitsidwa. Dera la Mandala nalo lili ndi mbiri yake. John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampani ya African Lakes, ankavala magalasi a m'maso, choncho anthu anamutcha Mandala. Nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo. Ngakhale Blantyre ndi dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland, limene amishoni anabwera nalo mu 1876, ndipo pakamwa pathu limatuluka Bulantaya. Ulendo umodzi wa minibasi wakuonetsani kale kuti anthu a mumzinda uno akhala akulandira mawu ndi kuwaumba mwatsopano kuyambira kale.

Mawu ambiri amene agogo anu amawayesa Chichewa chenicheni ndi obwereka. Nsapato, kalata, mbatata, kapitawo ndi kachasu anachokera ku Chipwitikizi. Galimoto ndi msilikali anadzera ku Chiswahili. Buluku anachokera ku Afrikaans. Achimwene ndi achemwali, amene kuno ku Blantyre timawatchula tsiku lililonse, ndi mawu a Chiyao. Lero palibe amene amadzudzula mlembi chifukwa cholemba nsapato. Mawuwa anakhala nafe nthawi yaitali mpaka tinaiwala kuti anali alendo. Kusiyana kwa nsapato ndi dilu n'kwakuti wina anafika kale, wina wafika dzulo.

Chimene muyenera kugwiritsa ndi chakuti mawu obwereka salowa mwachisawawa. Amamvera malamulo a Chichewa. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo ena opanda liwu sakhalira limodzi monga amachitira m'Chingerezi. N'chifukwa chake school inasanduka sukulu, store inasanduka sitolo, bread inasanduka buledi. Dzina likalowa limapatsidwa gulu: buku, mabuku, kondakitala, makondakitala, foni yanga, osati foni langa. Mneni akalowa amalandira aphatikiri onse: kutchaja, kutchajitsa, kutchajidwa, sindinakutchajireni. Mwana wa ku Chilobwe amene sanapondeko m'kalasi ya malamulo a chiyankhulo salakwitsa zimenezi. Apa m'pamene pali mphamvu ya Chichewa, pakuti mlendo aliyense amamuveka zovala za pakhomo.

Matanthauzo nawo amasuntha, ndipo mlembi waluso amagwiritsa ntchito kusunthako. Taonani mawu akuti thangata. Poyamba ankatanthauza kuthandizana pa ntchito. Azungu a minda ya m'madera a Blantyre, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje atayamba kukakamiza anthu okhala pa malo awo kugwira ntchito m'malo mwa lendi, mawuwa anasanduka dzina la nkhanza, ndipo thangata anali chimodzi mwa zodandaula zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Kuthangata kukadali kuthandiza, koma thangata ndi goli. Choncho mtengambali akanena kuti ntchito ya pa kampani ina ndi thangata, musangolemba kuti ntchitoyo ndi yolemetsa. Iye akufanizira bwana wake ndi atsamunda, ndipo mfundo imeneyo ndiyo yoyenera kuoneka m'yankho lanu.

Mwina mukufunsa kuti nanga Chichewa cholondola chimene timaphunzitsa chinachokera kuti. Mabuku oyamba ankatcha chiyankhulochi Chimang'anja kapena Chinyanja. David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mukatsegula la kalembedwe kakale mupeza cifukwa ndi cace pamene ife timalemba chifukwa ndi chake. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatulutsa Nthondo mu 1933. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti dzina likhale Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 kuti likonze malamulo a kalembedwe, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Malamulowa ndi othandiza, koma anapangidwa ndi anthu okhala pa tebulo, ndipo akhala akukonzedwa. Lamulo limati r amabwera patsogolo pa e ndi i, monga mu Chichiri ndi Ndirande, komabe likulu la dziko timalemba Lilongwe ndipo palibe amene amalichonga.

Tsopano tigwiritse ntchito zonsezi. Tiyerekeze kuti m'sewero muli bambo wochokera ku Thyolo amene wabwera kudzaona mwana wake ku Zingwangwa.

Mwana: Madala, zili bho? Dilu ija yatheka, mawa ndikupatsani zanu.

Bambo: Kodi ukuyankhula ndi ine kapena ndi anzako a pa Kamba?

Mwana: Pepani bambo. Ndimati ndalama zija zapezeka.

Wophunzira wothamanga alemba kuti mwanayu ndi wamwano basi. Wophunzira wofatsa aona zambiri. Mawu akuti madala, bho ndi dilu akutiuza malo ndi msinkhu wa woyankhula popanda mlembi kufotokoza. Mawu akuti dilu akutikayikitsa za njira imene ndalamazo zapezekera, pakuti sananene kuti malipiro kapena ganyu. Koma onaninso kuti wanena ndikupatsani ndi zanu. Sananene ndikupatsa kapena zako. Ulemu wa inu sanautaye, ngakhale wasankha mawu a m'misewu. Atadzudzulidwa wasintha msanga n'kuyankhula monga mwana wa pakhomo, kusonyeza kuti mayankhulidwe onse awiri amawadziwa ndipo poyamba paja anachita kusankha. Mwina amafuna kuonetsa bambo ake kuti tsopano ndi munthu wa m'tauni wodziimira payekha. Mkangano wa seweroli, wa kumudzi ndi m'tauni, wa kholo ndi mwana, waonekera m'mizere itatu yokha. Chodabwitsa n'chakuti mawu akuti madala, amene akwiyitsa bamboyu, anachokera ku ziyankhulo za ku South Africa kumene amuna a m'badwo wa makolo ake ankapita kukagwira ntchito.

Izi sizitanthauza kuti mlembi aliyense wosakaniza mawu wachita bwino. Alipo olemba aulesi amene amathira Chingerezi paliponse chifukwa sanafune kufufuza mawu oyenera, ndipo amenewo muwadzudzule mosaopa. Muyeso wake ndi uwu: kodi mawuwo akugwirizana ndi munthu, malo ndi nthawi? Mtchona wobwera kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1960 akati mfana, mawuwo akumuyenera. Koma akati wandifulasha, mlembi walakwitsa, chifukwa mafoni a m'manja kunalibe. Nyakwawa ikuweruza mlandu pabwalo imayembekezeka kuyankhula ndi mikuluwiko ndi zining'a, ndipo ikayankhula ngati kondakitala, funsani ngati mlembi akufuna kutiseketsa, kuinyoza, kapena wangolephera. Atengambali onse akamayankhula mofanana, agogo, mwana wa sukulu ndi wapolisi, chimenecho ndi chofooka chachikulu kuposa mawu obwereka khumi.

Siyanitsaninso mawu a atengambali ndi mawu a wofotokoza nkhani. Olemba ambiri amasunga Chichewa cha m'kalasi pofotokoza, n'kumasula lilime m'kati mwa mitengero pamene atengambali akuyankhula. Wofotokoza nkhani akayamba nayenso kuyankhula cha m'misewu, dzifunseni kuti iye ndi yani. Kawirikawiri mupeza kuti ndi mpangankhani amene akudzifotokozera yekha, ndipo mayankhulidwewo ndi mbali ya khalidwe lake.

Poyankha funso, tchulani mawu enieniwo monga alembedwera m'buku, nenani amene wawayankhula ndi amene akuuzidwa, kenaka fotokozani zimene akuulula. Kulemba kuti "mlembi wagwiritsa ntchito Chichewa cha m'tauni" n'kungoyamba chabe. Onjezani kuti wachita zimenezo pofuna kuonetsa chiyani. Koma yankho lanu lenilenilo lilembedwe m'Chichewa cha m'kalasi, motsata malamulo a kalembedwe. Bho ndi dilu zikhale m'kati mwa mitengero monga umboni, chifukwa wochonga mayeso a MSCE si mnzanu wa pa Kamba.