Mpweya ndi Ng'oma m'Chimbale cha Lungs

Mu Julayi 2009, mtsikana wa ku Camberwell, kumwera kwa mzinda wa London, adatulutsa chimbale chake choyamba ali ndi zaka 22. Dzina lake ndi Florence Welch, ndipo gulu lake limatchedwa Florence + the Machine. Chimbalecho adachitcha Lungs, kutanthauza mapapo. Oimba ambiri akafuna dzina la chimbale amathamangira ku mtima, ku misozi kapena ku maloto. Iye adasankha chiŵalo chimene ntchito yake ndi kukoka mpweya ndi kuutulutsa, ndipo womvera akazindikira chifukwa chake, nyimbozi amazimva mwa njira ina.

Za mphamvu ya mawu ake palibe wotsutsa. Akakweza, mawu amatuluka odzaza ngati akuitana munthu amene ali kutsidya la mtsinje. Koma mawu aakulu paokha sapanga chimbale chabwino, pakuti oimba ofuula alipo ambiri ndipo tidawaiŵala. Chimene chimasiyanitsa Lungs ndi kasanjidwe ka zoimbira. Zidaikidwa china pamwamba pa chinzake monga momwe mmisiri amafolerera denga, mzere wa udzu pamwamba pa mzere wina, kotero kuti mawu a woimbayo amakhala ndi cholimbana nacho.

Tamverani nyimbo yoyamba, "Dog Days Are Over". Imayamba ndi zeze wamkulu wa ku Ulaya wotchedwa harp, amene amamuimba ndi Tom Monger. Kalilidwe kake ndi kopepuka, ngati madontho oyamba a mvula pa malata. Welch amaloŵa chapansipansi, osafulumira. Kenaka kumabwera kuwomba m'manja, pambuyo pake ng'oma, ndipo apo mpamene mawu amatseguka onse. Nyimboyi ikunena kuti masiku ovuta atha, koma chimwemwe chake chimamufikira munthu modzidzimutsa mpaka kumuthaŵitsa. Nchifukwa chake ng'omazo zimathamanga ngati mapazi a munthu wothaŵa. Ndiye, pamene womvera akuyesa kuti nyimbo yafika pachimake, zonse zimangoti zii. Mawu amatsala okha, ofooka, ngati nyimbo yatha. Ng'oma zikabwereranso zimamveka zazikulu kuposa poyamba, chonsecho ndi ng'oma zomwezo. Chazikuza ndi kachetechete uja. Apa mpamene dzina la chimbale limamveka, pakuti nyimbo yakoka mpweya kuti ithe kufuula.

Nyimboyi adailemba ndi mnzake Isabella Summers, woimba kiyibodi, amene dzina lake loseka la "Machine" ndi limene lili m'dzina la gulu. Idatuluka koyamba mu 2008 kudzera ku kampani yaing'ono yoima payokha ya Moshi Moshi. Chimbale chonse chidatulutsidwa ndi Island Records, imene si yaing'ono konse, choncho mawu akuti indie pano akunena za kamvekedwe, osati za kuchepa kwa thumba.

Kwa ine nyimbo yoposa zonse ndi "Cosmic Love". Ikufotokoza munthu amene chikondi chamuchititsa khungu, wasiyidwa mumdima wopanda nyenyezi kapena mwezi. Ng'oma yake imagunda molemera ngati mtima wa munthu wamantha, pamene zeze uja akuthwanima pamwamba ngati nyenyezi zimene woimbayo akudandaula kuti zazimitsidwa. Pakati pa ziŵirizi pali mawu a Welch, ojambulidwa kangapo ndi kusanjikizidwa mpaka amveke ngati kwaya. Ndi chinthu chachilendo kumva munthu wosungulumwa akuyankhidwa ndi khamu limene ndi iye mwini. Wophunzira amene adazoloŵera nyimbo za mtsogoleri ndi ovomereza aone kuti pano wotsogolera ndi wovomereza ndi munthu mmodzi, ndipo kusungulumwa kwa nyimboyi kukuchokera pomwepo.

Chimbalechi chili ndi zofooka zake. Adachikonza ndi akatswiri angapo, pakati pawo Paul Epworth, James Ford ndi Steve Mackey, ndipo nthaŵi zina misoko imaonekera. "Kiss with a Fist", kanyimbo ka mphindi ziŵiri ka gitala yaukali, kamamveka ngati kachokera m'chimbale china. Mawu ake onena za okondana omenyana adadetsa nkhaŵa anthu ena, ndipo ngakhale Welch adafotokoza kuti sankanena za nkhanza za m'banja, ine ndimaona kuti nthabwala yake ndi yolemera kuposa kanyimbo kamene kainyamula. Chinanso nchakuti woimbayu amakonda kukweza msanga. "Howl" ndi "Drumming Song" zimatsatana ndi nyimbo zina zaphokoso mpaka khutu limatopa, ndipo phunziro la kachetechete limene nyimbo yoyamba idapereka limaoneka ngati laiŵalika.

Omvera a ku Britain sadasamale zimenezo. Chimbalechi chidafika pa nambala 1 mu Januwale 2010, patatha miyezi isanu ndi umodzi chitulukire, ndipo chaka chomwecho chidalandira mphoto ya BRIT ya chimbale chopambana cha ku Britain.

Komabe amene akufuna kumva Welch ali pa ubwino wake asathamangire nyimbo zotchuka zokha. Apite ku "Between Two Lungs", imene anthu saitchula kaŵirikaŵiri. Ikunena za mpweya wochoka m'chifuwa cha munthu mmodzi kuloŵa m'chifuwa cha wina pamene aŵiriwo ali mtulo. Imayamba ndi mawu ochepa ndi kugunda kwapatalipatali, ndipo zoimbira zimadza mochedwa, chimodzichimodzi. Woimbayo amadziletsa kwa nthaŵi yaitali, moti pakati pa mzere ndi mzere womvera amatsala ndi mpata wopuma naye limodzi.