Mbalule pa Nsambo za Gitala: Luso la Ben Mankhamba

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, munthu akatsegula wailesi ya MBC kapena kukwera minibasi ya ku Nsaru, chomulandira chinali chimodzimodzi: reggae ya ku Balaka. Paul Banda anali atalambula njira ndi Alleluya Band, mng'ono wake Lucius n'kuikuza, ndipo achinyamata ofuna kutchuka ankangoponda momwemo, kiyibodi imodzi, ng'oma za m'makina ndi mawu odandaula. Kenako ku Chileka kunabuka Evison Matafale ndi reggae yolemerera. M'nyengo yotere, woyimba wokoleka gitala pakhosi n'kumaika patsogolo magule a makolo ankaoneka ngati wasochera.

A Ben Mankhamba, amene ambiri anayamba kuwadziwa ndi dzina loti Ben Michael, anasankha njira yosocherayo. Ndi bandi yawo ya Zigzaggers, tsitsi lopota lili wirira, anatulutsa nyimbo monga "Moyo wa M'tauni", "Cassava" ndi "Kamba Anga Mwala", zomwe zinkavinitsa anthu popanda kubwereka kagundidwe ka ku Jamaica. Lero ndi mfumu, a Chingalire, m'mudzi wa cha ku Nsaru m'boma la Lilongwe. Anthu amakonda kukamba za ufumuwo chifukwa ndi nkhani yokoma kufotokoza, koma imaphimba funso lofunika kwambiri kwa wokonda nyimbo: kodi anachita chiyani kwenikweni ndi gitala ija?

Vuto lomwe analimbana nalo, lokweza nyimbo za makolo pa gitala yamagetsi, si la Malawi yekha. Ku America, Bob Dylan atakwera pa nsanja ya Newport mu 1965 ndi gitala yamagetsi, okonda nyimbo zachikale ena anamukuwiza, ati waipitsa mwambo. Ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, Thomas Mapfumo ndi oyimba gitala ake, Joshua Dube ndi Jonah Sithole, anasamutsira kaliridwe ka mbira pa nsambo, kuzitsina ndi chikhatho kuti zisamalire motalika. Ku Lusaka, Paul Ngozi ankakuwa m'Chinyanja pamwamba pa gitala yaukali. Aliyense wa iwo anayenera kusankha chotaya ndi chosunga. Koma wa ku Zimbabwe anali ndi mwayi umodzi: mbira ili kale ndi chuni, ndiye gitala inangoyenera kuitsanzira. Mchewa wa kwa Kabudula kapena ku Nambuma chuma chake chachikulu chili m'ng'oma, m'manja ndi m'mapazi. Ng'oma siipereka makodi. Woyimba gitala wofuna kuinyamula ayenera kusandutsa chida chake kukhala ng'oma, ndipo ntchito yaikulu imachoka kudzanja lamanzere, lodinda nsambo, n'kupita kudzanja lamanja, lokhwatcha.

Apa ndi pomwe khutu liyenera kutchera pomvera a Mankhamba. Makodi awo sachuluka, ndipo wophunzira gitala wa miyezi yochepa akhoza kuwapeza. Chimene sangachipeze msanga ndi malo omwe dzanja lamanja limagwera, pomwe limasiya mpata, ndi pomwe limatsamwitsa nsambo kuti zingoti khwa m'malo molira. Mpatawo ndi wa wovina. Nyimbo yopangidwa motere imayamba yaganizira chiuno ndi phazi, mawu n'kubwera pambuyo, ndipo n'chifukwa chake pa nsanja bandi yawo inkaoneka yosakwanira popanda ovina.

Magule onse sakwera pa gitala mofanana, ndipo apa pali chinthu chomwe ojambula nyimbo ambiri sanachisamale. Mganda ndi beni ndi ana a perete wa asilikali. Anabadwa anthu ataona maguba a King's African Rifles ndi mabandi awo a malipenga, cha m'nyengo ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Phazi la mganda limayenda kumanzere, kumanja, mowerengeka bwino, ndipo woyimba ng'oma za bandi amalilandira mosavuta, popeza rock nayo imayenda momwemo. Ngakhale badza, lipenga la chikho lija, lili ndi mbale wake m'bandi: gitala yotsogola ikhoza kulira mokhadzula ngati ilo. Gule wamkulu ndi chisamba ndi nkhani ina. Kumeneko ng'oma imodzi imagunda katatu pomwe inzake yagunda kawiri, manja a amayi n'kudutsa pakati, ndipo mbalule, ng'oma yotsogolera, samangosunga nthawi ayi. Amalankhula ndi chilombo chili m'bwalo, kuchiitana, kuchitembenuza, kuchiimitsa. Mpanje amagwira pansi, mbalule n'kumayenda. Makina a mu situdiyo amagunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, choncho kukokana kuja kumafa, n'kutsala chigoba cha gule chomwe wakumudzi amachimva n'kuseka.

Mphamvu ya a Mankhamba inali kukana chigobacho, makamaka akamayimba pamaso pa anthu. Amadziwa kuti nyimbo ya pabwalo siyenda ndi ndime zitalizitali, imayenda ndi wotsogola ndi ovomera. Wotsogola aponya mzere waufupi, gulu liubweza, ndipo kubwerezako sikutopetsa chifukwa nthawi iliyonse china chake chimasintha pang'ono, kaya ndi liwu lokwezedwa, nthabwala yolowetsedwa, kapena gitala yongosiya mwadzidzidzi kuti manja amveke okha. Mawu awonso amatsata kakwezedwe ndi katsitsidwe ka Chichewa cholankhula, osachipotoza kuti chikwane m'chuni yobwereka. Amene anamvapo nyimbo zina za m'tchalitchi zomwe Chichewa chake chinakakamizidwa kulowa m'chuni ya ku Ulaya akudziwa kusiyana kwake.

Sikuti anayamba okha zimenezi. Gitala ndi banjo zinalowa m'midzi ndi asilikali obwera kunkhondo komanso amuna obwera ku Theba ndi ku Wenela, ndipo Amalawi sanachedwe kuzikhotetsa. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, yemwe anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987, ankaliza gitala imodzi ngati anthu atatu, chala chachikulu chikuyenda ngati besi pomwe chinzake chikuimba pamwamba. Katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik atakumana naye ndi mng'ono wake Donald ku Blantyre mu 1967, anatsegula khomo loti kayimbidweko kamveke ku Ulaya. Allan Namoko wa ku Thyolo ankakhwatcha banjo ngati akupuntha, Robert Fumulani n'kulowetsa magetsi m'nyimbo zomwezo ndi bandi yake ya Likhubula River. Onsewa ndi a kummwera. Chomwe a Mankhamba anawonjezera ndi bandi yathunthu ya m'tauni, ya ng'oma zachizungu ndi besi yamagetsi, yoyimba magule ochokera m'zigawo zosiyanasiyana m'nthawi yomwe msika unkafuna zina.

Msikawo tisauchepetse. Masiku amenewo tsogolo la chimbale linkagamulidwa pa kauntala ya O.G. Issa ku Limbe ndi m'manja mwa ogulitsa makaseti m'misika, ndipo iwo ankadziwa kuti reggae ndi nyimbo zauzimu ndi zomwe zimatha msanga. Woyimba wofuna oliza ng'oma enieni, ovina ndi zovala zawo ankawononga ndalama zambiri kuposa mnyamata wolowa mu situdiyo yekha ndi mwini kiyibodi.

Mwina n'chifukwa chake zojambulidwa za m'nyengo imeneyo, za a Mankhamba ndi za anzawo omwe, sizifika pomwe nsanja inkafika. Situdiyo zathu zinkakonda kusalaza chilichonse. Ng'oma yachikopa, yomwe mwini wake amaiwamba pamoto ndi kuimata phula kuti ilire mozama, ndi yovuta kuijambula, ndipo njira yachidule inali kuisiya panja kapena kuikankhira kumbuyo kwa kiyibodi. Wachinyamata womvera nyimbozi pafoni lero amamva chuni chokoma ndi mawu oseketsa, koma kukokana kwa ng'oma kuja amangokumva patali. Palinso ngozi ina yomwe woyimba wanthabwala aliyense amagweramo: anthu akazolowera kuseka, amaleka kumvetsera dzanja. Nyimbo yokamba za mavuto a m'tauni kapena za chinangwa imakumbukika ndi mutu wake, umisiri wake n'kuiwalika, ndipo a Mankhamba akhala akuyamikiridwa kwambiri ngati msangalatsi kusiyana ndi mmisiri wa gitala.

Kubwerera kwawo kumudzi kukalowa ufumu kunachepetsa zimbale, ndipo okonda nyimbo ena amaona ngati anataya woyimba. Koma kwa Chingalire anakhazikitsa malo a chikhalidwe okhala ndi bwalo la magule, komwe alendo amafika kudzaona ndi kuphunzira, ndipo bungwe la Music Crossroads Malawi, lomwe sukulu yake ya nyimbo ili ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe, lachititsako chikondwerero cha Pakhonde. Wophunzira gitala wa m'tauni akafika kumeneko amakumana ndi oliza ng'oma omwe sanalowepo m'kalasi ya nyimbo koma sangaphonye ngakhale kamodzi. Sukulu yoposa imeneyo ya dzanja lamanja n'njosowa.

Bwalo la alendo nalo lili ndi msampha wake. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha dziko lonse pamodzi ndi vimbuza, kwawo ndi kumaliro, kuchinamwali ndi polonga mfumu, komwe ng'oma zimachezera ndipo mbalule amakhala ndi nthawi yotambasula zonse zomwe akudziwa. Pachikondwerero gulu lililonse limapatsidwa mphindi zowerengeka, ndipo oliza amaphunzira kuthamangira pachimake kuti manja awombedwe. Ndi kusalaza komwe kuja kwa mu situdiyo, kwangovala nsalu ina. Apa woyimba yemwe alinso mfumu ali ndi mphamvu yomwe anzake alibe, chifukwa ndi iye mwini bwalo, ndipo akhoza kulamula kuti ng'oma zipitirire mpaka zitakhwima.

Pakadali pano msika womwe unkakana zinthuzi wayamba kuzifuna. Madalitso Band, anyamata awiri omwe ankayimba m'misewu ya Lilongwe, Yobu Maligwa pa babatoni ndi Yosefe Kalekeni pa gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira m'mayiko a ku Ulaya popanda kiyibodi ngakhale imodzi. Zida zojambulira nazo zinachepa msinkhu moti zimakwana m'chikwama, ndipo njinga ya kabaza ikhoza kuzifikitsa kwa Chingalire kuchokera pa Nsaru. Nyimbo za Zigzaggers zikuyenera kujambulidwanso pabwalo limenelo, gitala ya a Mankhamba ili pakati, mbalule ndi mpanje zitapatsidwa maikolofoni awoawo.